Kukwera phiri mpaka pa kanyanja kabata n'kubwerako dzuwa lisanalowe: malangizo a ulendo wa tsiku limodzi nyengo yotentha

Anthu ambiri akaona chithunzi cha kanyanja ka pamwamba pa phiri, madzi ali phee ngati galasi, mitengo ikuoneka chozondoka m'madzimo, amangoti Loweruka likubwerali tikupita basi. Kupitako amapitadi, nkhani imavuta pobwerera. Ine ulendo wanga woyamba tinanyamuka cha m'ma 10 koloko chifukwa mnzathu wina anali akusakabe nsapato, tinakafika pa nyanja 3 koloko itadutsa kale, tinakhalapo mwina mphindi 20 zokha kenako n'kuyamba kutsika chothamanga mitambo itada bii. Tinafika kumunsi mdima utagwa, anthu anayi kudalira tochi ya foni imodzi yomwe batire lake linali litatsala pang'ono kutha, ine chidendene chili ndi thuza lophulika sokosi itamatirira pachilonda. Mukandifunsa kuti nyanjayo inkaoneka bwanji sindingakuuzeni, ndimangokumbuka njala ndi mantha.

Nde apa ndikufuna tiyende limodzi kuyambira pokonzekera mpaka pobwerera, poti chomwe chimasokoneza maulendo amenewa sikuchepa mphamvu ayi, ndi mawerengedwe. Mukafika pa nyanja mwayenda theka lokha, theka linalo likukudikirani miyendo itatopa kale, madzi atachepa, dzuwa litapendeka.

Zoti munyamule

- Nsapato zomwe mwaziyendera kale kangapo, zokhala ndi mano kunsi. Zanyuwani zisiyeni kunyumba ngakhale zikhale zokongola bwanji.
- Sokosi mapeya awiri, ina yovala ina yosinthira, ndipo zisakhale za kotoni. Kotoni akanyowa ndi thukuta sauma msanga, nde phazi lonyowa ndi lomwe limatuluka matuza. Malaya chimodzimodzi, bola a poliyesitala kapena a ubweya opyapyala.
- Chikwama chakumsana cha malita 20 mpaka 30, chikhale ndi lamba wa m'chiuno kuti katundu asamangolemera m'mapewa.
- Madzi malita 2 mpaka 3 munthu aliyense. Inde ndi olemera, lita imodzi ndi kilo imodzi, koma amapepuka okha mukamamwa.
- Kasefa ka madzi kapena mapiritsi oyeretsera madzi, ngati mukuganiza zokatunga ena kumtundako.
- Chakudya chosalemera, chosasasa ndi kutentha, china chamchere china chotsekemera. Muwonjezereko china choti simuchikhudza pokhapokha zinthu zitavuta.
- Jekete ya mvula ndi kajuzi kopepuka. Eeh, ngakhale kunja kukuwotcha.
- Chipewa chamlomo waukulu, magalasi a dzuwa, sunscreen (mafuta odzola oteteza khungu ku dzuwa) yolembedwa SPF 30 kapena kuposa.
- Tochi ya pamutu, muyese kaye ngati ikuyaka.
- Mapu a papepala ndi kampasi, kuphatikiza foni yokhala ndi mapu omwe mwapanga kale dawunilodi, pawabanki ndi kebulo yake (anthu amanyamula pawabanki n'kuiwala kebulo, ndinaonapo).
- Mapulasitala, bandeji yotamuka, mankhwala opha ululu, ndi mankhwala anu ngati muli ndi omwe mumamwa tsiku ndi tsiku.
- Wenzulo, tishu, majumbo awiri a zinyalala, kathaulo kakang'ono.
- Ndodo yoyendera ngati maondo anu amadandaula potsika.

Sipika siili pa mndandandawu ndipo ndachita dala.

1. Sankhani njira, kenako werengani maola ake

Musayang'ane makilomita okha. Njira ya makilomita 6 pamalo athyathyathya ndi njira ya makilomita 6 yokwera mamita 600 ndi zinthu ziwiri zosiyana kwambiri, nde chinthu choyamba kufufuza ndi chakuti kuchokera poyambira mpaka pa nyanja mukwera mamita angati. Pa mapu a mapiri pamakhala timizere tokhotakhota tosonyeza kutalika kwa malo, pomwe tayandikana kwambiri dziwani kuti pamenepo ndi chitunda chenicheni, pomwe tatalikirana ndi poyenda mukucheza.

Pali kawerengedwe kakale komwe anayambitsa katswiri wina wokwera mapiri wa ku Scotland, William Naismith, mu 1892, ndipo mpaka pano anthu amakagwiritsabe ntchito: ola limodzi pa makilomita 5 aliwonse, n'kuwonjezerapo ola lina pa mamita 600 aliwonse okwera. Tiyese ndi njira ija. Kupita ndi kubwera ndi makilomita 12, amenewo ndi maola 2 ndi mphindi 24, kuwonjezera ola la chitunda chija zikukwana maola 3 ndi mphindi 24. Koma dziwani kuti mawerengedwe amenewa ndi a munthu wozolowera, wosaima, njira ili bwino. Ife enafe timaima kumwa madzi, kujambula, kudikira uja watsalira m'mbuyo, nde ine ndimawonjezerapo theka lake, zimafika maola 5. Ikanipo ola limodzi ndi theka lokhala pa nyanja, mwafika maola 6 ndi theka. Limenelo ndiye tsiku lanu lenileni, osati maola atatu omwe wina analemba pa intaneti atathamanga yekha.

Ngati ndi ulendo woyamba, kapena muli ndi ana, sankhani njira yofupikirapo kuposa yomwe mtima ukufuna. Fufuzaninso ngati malowo amafuna chilolezo, ngati njira ndi yotsegula, ngati kusambira kapena kupita ndi galu ndi kololedwa, poti malamulo amasiyana malo ndi malo.

Ndipo poti tikufuna nyanja yabata: yomwe galimoto imafika pafupi siikhala yabata. Ola limodzi lowonjezera loyenda pansi limasefa anthu ambiri, komanso pakati pa sabata ndi bwino kuposa Loweruka.

2. Gwirizanani nthawi yobwerera musananyamuke

Ichi ndi chomwe ndikanakonda wina akanandiuza kalelo. Onani nthawi yomwe dzuwa lilowe tsikulo, chotsanipo maola awiri osungira zamwadzidzidzi, chotsaninso nthawi yotsikira, yomwe yatsalayo ndiye nthawi yomwe mutembenuke kaya mwafika pa nyanja kaya simunafike. Muinene mokweza aliyense amve mudakali pansi, chifukwa kumtunda kuja munthu akatopa amayamba zoti tatsala pang'ono, tingokwera kachitunda aka kokha, ndipo kuseri kwa kachitundako kumakhala kena. Kumbukiraninso kuti m'zigwa ndi m'nkhalango mdima umafulumira, dzuwa likangobisala kuseri kwa phiri kumayamba kuda ngakhale kumwamba kukuwalabe.

3. Onani zanyengo za kuphiriko, osati za kwanu

Mpweya umazizira pafupifupi madigiri 6 ndi theka pa mamita 1,000 aliwonse omwe mwakwera. Kumunsi kukakhala madigiri 28, pa nyanja yomwe ili mamita 1,000 pamwamba kukhala cha m'ma 21 kapena 22, muikepo mphepo ndi malaya onyowa ndi thukuta muona chifukwa chake ndinati kajuzi. Dzuwa lokha ndi lomwe silichepa mphamvu, m'malo mwake cheza chake chowotcha khungu chimawonjezeka pafupifupi 10 peresenti pa mamita 1,000 aliwonse, nde kamphepo kozizira kamakunamizani kuti simukupsa, madzulo khosi lili psuu.

Chachikulu muyang'ane ngati akunena za mvula yamabingu. M'mapiri ambiri nyengo yotentha m'mawa kumacha bwinobwino, dzuwa likatenthetsa nthaka mpweya umakwera n'kuunjika mitambo, masana kapena chakumadzulo n'kuyamba kugunda. Akanena kuti mabingu ayamba msanga, sinthani tsiku. Nyanja siithawa.

4. Usiku woti mawa ndi ulendo

Longedzani zonse usiku, m'mawa mutu sugwira. Zolemera monga madzi zikhale pafupi ndi msana chapakati, jekete ya mvula pamwamba penipeni poti mvula siidikira kuti mufukule chikwama chonse. Tchajani foni ndi pawabanki. Wengani zikhadabo za kumapazi, zikumveka ngati zachibwana koma potsika zala zimagunda kutsogolo kwa nsapato kambirimbiri, chikhadabo chachitali chimada kenako n'kudzachoka patapita masabata.

Kenako uzani munthu mmodzi wodalirika yemwe sakupita nawo: njira yake ndi iti, muli angati, mubwera nthawi yanji, ndipo ikakwana nthawi yakuti musanaimbe ayambe kufunsa thandizo. Osangoti tapita kuphiri, phiri ndi lalikulu abale. Sungani mufoni nambala yoimba pangozi ya dera lomwe mukupitalo. Ndipo mukabwerako muimbireni munthuyo, ena amaiwala n'kusiya mnzawo akuda nkhawa usiku wonse.

5. Nyamukani kukungocha

Kuyamba 6 koloko kapena 7 koloko m'mawa kumakonza zinthu zitatu nthawi imodzi: chitunda mumachikwera kusanatenthe, pa nyanja mumafika anthu asanadzaze komanso mphepo isanayambe kuvundula madzi, ndipo mumakhala mukutsika mitambo ya masana isanakhwime. Idyani kaye, imwani madzi musanayambe, pakani sunscreen mudakali pansi osaiwala makutu ndi kumbuyo kwa khosi. Foni iikeni pa airplane mode, chifukwa kumalo kopanda netiweki imangosakasaka n'kumaliza batire, pomwe GPS, yomwe imasonyeza pomwe muli pa mapu, imagwirabe ntchito ngakhale netiweki palibe.

Muyambe mukumva kachisanu pang'ono. Mukavala juzi poyambira, pakangotha mphindi 10 muima kuti muvule ili chinyowere.

6. Kayendedwe ka pachitunda

Apa ndi pomwe ambiri amathera. Mphindi 30 zoyamba aliyense ali ndi mphamvu, nthabwala zili mbwee, wina akutsogola ngati pali mphoto, pofika pakati onse ali chete akupumira m'mwamba. Muyeso wake ndi wosavuta: ngati simungathe kulankhula chiganizo chonse osadukiza kuti mupume, mwafulumira. Chepetsani. Ponyani mapazi pafupipafupi, phazi lonse lizitera pansi osati zala zokha, ndipo pomwe pali mwala waukulu woti mukweze bondo mpaka pachifuwa sakani timiyala tiwiri tating'ono m'mbali mwake, miyendo idzakuthokozani pobwerera.

Woyenda pang'onopang'ono kuposa onse akhale kutsogolo kapena wachiwiri. Zija zoti othamanga amakadikira patsogolo, wotsalira akangofika iwo n'kunyamuka, ndi nkhanza, iwo apuma mphindi 10 mnzawo sanapume n'kamodzi komwe. Kupuma kwabwino ndi mphindi 5 mpaka 10 pa ola, pamthunzi, osakhalitsa mpaka miyendo kuuma.

Tsopano mapazi. Thuza silibwera mwadzidzidzi, limayamba ndi kamalo kotentha, kumangomva ngati pachidendene pakunyereza kapena kuwotcha pang'ono. Nthawi yomweyo imani, khalani pamwala, vulani nsapato ndi sokosi, muona pali kofiira ngati kandalama kachitsulo khungu lisanatukuke. Pukutani paume, matanipo pulasitala mosasiya makwinya, gwedezani sokosi kuchotsa timchenga, valani n'kumanganso zingwe bwino. Ndi mphindi zitatu basi. Ine tsiku lija ndinachita manyazi kuimitsa gulu, ndinalipira ndi sabata yathunthu yoyenda chotsimphina.

Njira ikamakhotakhota pachitunda itsateni momwemo. Kudula chidule molunjika kumatopetsa kwambiri, kumagumula dothi, ndipo mvula ikabwera madzi amatsata momwe mwapondamo n'kukumba ngalande.

7. Kumwa ndi kudya

Pafupifupi theka la lita pa ola ndi poyambira pabwino, kukatentha kwambiri kapena chitunda chikakula muwonjezere. Imwani pang'onopang'ono pafupipafupi, osadikira kukhosi kuume kenako n'kugugudiza botolo lonse. Mkodzo ukayamba kuoneka wachikasu chakuda, kapena maola apita osamva n'komwe kufuna kutaya madzi, mwatsalira. Koma madzi okhaokha osadya kanthu si bwinonso, thukuta limatuluka ndi mchere, nde muzidya kenakake kamchere ola lililonse ngakhale njala musakuimva.

Yang'ananani nkhope. Mnzanu akayamba kudandaula mutu, chizungulire, nseru, thukuta lili kamukamu koma akufooka, kumeneko ndi kutentha kwamupweteka: pamthunzi, masulani zovala, nyowetsani chipewa ndi khosi, amwe pang'onopang'ono, ndipo ulendo wokwera wathera pomwepo. Akayamba kulankhula zosamveka, kusokonezeka kapena kudzandira, imeneyo ndi ngozi yeniyeni, muziziritseni ndi madzi mwachangu ndipo itanani thandizo. Chinanso, ngati nyanjayo ili pamwamba kuposa mamita 2,500, mutu ndi nseru zitha kubwera chifukwa cha kuchepa kwa mpweya, mankhwala ake ndi kutsika.

Lamulo langa la madzi: pofika pa nyanja theka likhale lidakalipo, pokhapokha muli ndi sefa.

8. Pamphambano ndi posochera

Pamphambano iliyonse gulu lonse lidikirane, muone mapu, kenako tembenukani muyang'ane komwe mwachokera. Njira imaoneka mosiyana pobwerera, mtengo womwe munaudutsa kumanja simuuzindikira mukamauonera mbali inayo, nde jambulani chithunzi cha mphambanoyo mutayang'ana kumunsi. Samalani ndi tinjira ta nyama ndi ta madzi, timayamba bwinobwino kenako n'kuzimiririka m'tchire.

Mukaona kuti papita nthawi osaona chizindikiro chilichonse, imani pomwepo. Musapitirire poganiza kuti mukumana nayo kutsogolo, ndipo musatsate mtsinje kutsika poganiza kuti ukufikitsani kwa anthu, m'mapiri mitsinje imadutsa m'maphompho ndi m'mathithi momwe munthu sangatsike. Bwererani pomwe munaona chizindikiro chomaliza. Zikakanika khalani malo amodzi oonekera, valani juzi, imbani wenzulo katatu n'kupuma n'kubwerezanso. Mawu amatha msanga mukamakuwa, wenzulo satopa.

9. Kuwoloka timitsinje

Mwala wobiriwira kapena wonyezimira ndi woterera, pondani wouma. Madzi othamanga akafika m'maondo musawoloke. Powoloka masulani lamba wa chikwama kuti mukagwa muthe kuchivula, ndipo kumbukirani kuti kamtsinje komwe munakadumpha m'mawa katha kudzaza masana, kaya chifukwa cha mvula yomwe yagwa kumtunda inu osaiona, kaya chipale chomwe chikusungunuka ndi dzuwa kumapiri ozizira.

10. Mwafika pa nyanja

Nthawi zambiri siionekera patali. Mumakwera kachitunda komaliza mukudziuza kuti mapu ananama, kenako mitengo imangotseguka, nayi ili apa. Mukafika m'mawa mphepo isanadzuke madzi amakhala osagwedezeka moti phiri lonse lili m'madzimo mutu pansi, m'mphepete mukuona mwala uliwonse wa pansi, pena kansomba kapena kachilombo kakhudza pamwamba timizere tozungulira n'kumakula mpaka kufika pomwe mwaima. Chomwe chimandidabwitsa ine ndi makutu, mumayamba kumva kupuma kwanu komwe.

Musanajambule, musanachite chilichonse, valani juzi. Thupi likangoima thukuta lija limayamba kuzizira ndipo pakatha mphindi 10 mukhala mukunjenjemera dzuwa likuwala. Kenako pezani mwala kapena malo ouma opondedwa kale, osati pa udzu wofewa wa m'mphepete, zomera za pamwamba pa mapiri zimakula mochedwa kwambiri ndipo zikapondedwa zimatenga zaka kuti zibwerere. Vulani nsapato, yanikani sokosi pamwala, idyani. Onani wotchi muwerenge kuti mwatsala ndi nthawi yochuluka bwanji isanakwane ija munagwirizana. Pakaninso sunscreen, amafunika kubwereza pakatha maola awiri aliwonse, ndipo madzi amabweza kuwala kumaso.

Za kusambira ndilankhule motsindika. Nyanja za m'mapiri zimazizira ngakhale pakati pa nyengo yotentha, pamwamba patha kufunda pang'ono koma kunsi kuli zii. Madzi osafika madigiri 15 mukawadumphira mwadzidzidzi thupi limadzidzimuka, mumakoka mpweya mosafuna, ndipo ngati mutu uli pansi pa madzi nthawi imeneyo mwakoka madzi. Kupuma kumathamanga osakugonjerani kwa mphindi imodzi kapena kuposa, ndipo zimenezi zimagwira ngakhale odziwa kusambira. Madzi amachotsanso kutentha m'thupi mofulumira kwambiri kuposa mpweya, manja ndi miyendo zimafooka musanazindikire. Nde ngati ndi kololedwa ndipo mukufunadi: lowani poyenda, pang'onopang'ono, dikirani kupuma kukhazikike, khalani pomwe mapazi akugunda pansi, wina akhale kumtunda akukuonani, mutuluke musanayambe kunjenjemera. Kudumpha kuchokera pamwala ayi, madzi oyera amanamiza kuya kwake ndipo pansi pamakhala zitsa ndi miyala. Kunena zoona ine ndimangoviika mapazi mpaka m'akakolo, mphindi ziwiri zala zachita dzanzi, zandikwana.

Madzi akumwa: kuyera sikutanthauza kuti ndi abwino. Nyama zimamwa ndi kuchita chimbudzi momwemo, ndipo tizilombo ngati Giardia sitioneka ndi maso, mumadzatsegula m'mimba patapita sabata kapena awiri mutaiwala kale za ulendowo. Sefani, kapena ikani mapiritsi n'kudikira nthawi yomwe yalembedwa papaketi, kapena wiritsani abwate mphindi imodzi, pamalo okwera kuposa mamita 2,000 mphindi zitatu. Tungani pomwe madzi akuyenda, monga pomwe kamtsinje kakulowa m'nyanja, osati pomwe aima pali ndere.

Mukafuna kudzithandiza pitani kutali ndi madzi ndi njira, mamita 60, ndiye kuti mapazi ngati 70, kumbani kadzenje kakuya masentimita 15 mpaka 20, mukatha kwirirani, tishu muike mujumbo mubwerere naye. Sopo m'nyanja ayi, ngakhale uja amati sawononga chilengedwe. Makoko a zipatso nawonso mujumbo, kumalo ozizira amakhala miyezi osawola. Nyama ndi mbalame musazipatse chakudya, zikazolowera zimayamba kuvutitsa anthu.

Ndipo chonde, phokoso. Pamwamba pa madzi mawu amayenda kutali modabwitsa, nkhani yomwe mukukamba tsidya lino munthu wa tsidya linalo akuimva yonse. Iyenso wayenda maola atatu kufuna bata lomwelo.

11. Mitambo ikayamba kusintha

Muziponya maso kumwamba nthawi ndi nthawi. Timitambo toyera tobalalika tilibe vuto, koma tikayamba kuunjikana n'kumakula chokwera ngati nsanja, kunsi kwake kukuda, kamphepo kozizira n'kubwera mwadzidzidzi, longedzani ngakhale nthawi yanu isanakwane. Mukaona kung'anima werengani masekondi mpaka mumve kugunda, masekondi atatu aliwonse ndi kilomita imodzi. Akakhala osafika 30 ndiye kuti mphezi ili mkati mwa makilomita 10, ndipo kunena zoona bingu lililonse lomwe mwalimva likutanthauza kuti mphezi itha kufika pomwe muli.

Tulukani m'madzi ndipo chokani m'mphepete mwa nyanja. Chokani pamsana pa phiri ndi pamalo apululu pomwe inu ndi amene mwatalika kuposa chilichonse. Mtengo woima wokha si pobisala, kaphanga kosaya kapena kunsi kwa mwala wolendewera ayinso. Tsikirani kumalo otsika, m'nkhalango ya mitengo yofanana msinkhu, koma osati m'khwawa momwe madzi angasefukire. Gulu litalikirane, musaunjikane malo amodzi. Kukasiya kugunda dikirani mphindi 30 musanabwerere poyera.

12. Kutsika

Musananyamuke valani sokosi zouma zija, mangani zingwe molimbirapo chapakakolo kuti phazi lisamaseserekere kutsogolo, zungulirani pomwe munakhala muone ngati simunasiye kanthu. Kutsika kumaoneka kophweka poti mtima suthamanga, koma ndi pomwe anthu amabinya mapazi, miyendo yatopa, maganizo ali kale kunyumba. Maondo akhale opindika pang'ono, mapazi afupiafupi, thupi lisagonere chambuyo chifukwa chidendene chimaterereka. Pa timiyala tosakhazikika ndi pa mizu yonyowa chepetsani liwiro, ndipo mukagwetsa mwala kuwani kuti omwe ali kumunsi adziwe. Mukufuna kuona malo kapena foni, imani kaye. Pitirizani kumwa ndi kudya, ambiri amasiya poganiza kuti ulendo watha. Mukafika pansi dzifufuzeni nkhupakupa m'miyendo, m'chiuno ndi kuseri kwa maondo ngati munadutsa m'maudzu, kenako imbani foni ija.

Zolakwika zomwe ndimaziona kawirikawiri

Kunyamuka mochedwa ndiye mayi wa zonse, kutentha, mabingu, mdima, zonse zimalowera pamenepo.

Kudalira foni imodzi kuti ikhale mapu, kamera, tochi ndi wailesi. Pofika madzulo yathima, ndipo yathima ndi zonse zinayi.

Kusiya jekete m'galimoto poti kumwamba kulibe kamtambo. Ndinachitapo, sindidzabwerezanso.

Kugawana botolo limodzi anthu atatu, kapena kunyamula zakumwa zotsekemera zokhazokha. Mowa nawo anthu amaukonda pa nyanja, koma mowa, madzi ozizira ndi njira yotsetsereka siziyenderana, usungeni mukamwere kumunsi.

Kugawikana. Wina watopa nde mwamusiya panjira kuti timupeza pobwerera, iye wapuma n'kuganiza zoyamba kutsika yekha, pamphambano walowera kwina, inu mukubwera simukumupeza ndipo netiweki palibe. Wina akalephera kupitiriza, mmodzi atsale naye kapena nonse mubwerere.

Kuyatsa moto m'mphepete mwa nyanja nyengo youma. Kamphepo kamodzi kokha ndi kokwanira, ndipo malo ambiri ndi koletsedwa.

Kukhulupirira munthu yemwe mwakumana naye akutsika akamati mwatsala ndi mphindi 10. Iye akutsika, inu mukukwera, ndiponso amangofuna kukulimbitsani mtima. Onani mapu.

Chomaliza ndi chija cha nthawi yobwerera, kuigwirizana pansi kenako n'kuyamba kuikambirananso kumtunda. Chaka china tinatembenuka tikuona mitengo ya m'mphepete mwa nyanja patsogolo pathu, mwina panatsala mphindi 25, mnzanga anakwiya osandilankhula njira yonse mpaka mvula yamatalala inatipeza titalowa kale m'nkhalango chakumunsi. Tinabwererako patapita masabata awiri, tinanyamuka 6 koloko, pa nyanja tinakhalapo maola awiri tokhatokha mpaka sokosi zinauma pamwala.